Mfunda wa Mkamwini Wanga wa ku Holandi

Mwana wanga wamkazi atatsala pang'ono kuchira, anandiitana ku Dubai kuti ndikamuonere chikuta. Amuna ake ndi mzungu wa ku Holandi. Anadziwana kwathu ku Dowa mzunguyo akukumba mijigo, ndipo Chichewa anatolako ndithu, ngakhale amachiyankhula mosamala ngati munthu woponda miyala ya ndere. Ukwati utachitika, ntchito inawatengera ku Dubai, dera la Al Nahda, m'nyumba zosanjikizana zija zoti ukasuzumira pansi magalimoto opita ku Sharjah amangoti ndondondo ngati linthumbu.

Mwana anabadwa wamkazi, wathanzi, tsitsi lofewa ngati ndevu za chimanga. Mchombo usanagwe n'komwe, mwana wanga anandikhazika pansi.

"Amayi, kuno mapepala a mwana sachedwa, ndiye pakufunika dzina la banja. Kwawo kwa bambo akewa lamulo limalola mwana kutenga la bambo kapena la mayi. Iwo akuti inu ndi amalume munene, poti anaona ku Dowa kuti ana ndi a kuchikazi."

"Nanga chovuta n'chiyani? Mfunda umachokera kwa bambo, si za lero zimenezo."

"Mumtima akufuna lawo ndithu, sakunena chabe. Anthu a dzina limenelo atsala ochepa, amayi. Akuti onse pamodzi angakwere basi imodzi, mipando n'kutsalako."

Basi imodzi! Ndinangoti kukamwa yasa. Ine sindinapite kusukulu, koma mifunda ndimaidziwa, ndipo sindinamvepo mfunda wokwana m'basi. Ndinauza mwana wanga andiimbire foni kwa alongo anga, omwe ndiwo eni mbumba, ndipo ndinawafotokozera zonse.

"Alongo," anatero, "mfunda wathu mukapita ku Kasungu muupeza, ku Chipata muupeza, ngakhale ku Tete. Munthu akakomoka pamsika amangomufunsa mfunda, abale n'kutulukira okha. Nanga awowo anatha ndi chiyani? Ndi nthenda ya kumtundu? Kapena makolo awo anapalamula? Mwana musamuveke dzina la anthu akutha. Fufuzani kaye. Mukapanda kupeza mutu wake, atenge la mayi ake."

Mawu amenewo anandilowa, chifukwa nanenso ndinali nditayamba kale kuganiza zomwezo. Mdzukulu wangayu akadzakula, ife titapita, akadzagwa m'mavuto kudziko la bambo ake, adzagogoda pakhomo la ndani? Komanso kunena zoona, mantha anali pang'ono. Chachikulu chinali chidwi. Dzinalo linkandiyabwa. Mwana wanga akalitchula limayambira kukhosi, ngati munthu wotsamwa ndi munga wa nsomba, kenako n'kuthera pamphuno. Likutanthauza chiyani? Analiyamba ndani?

Ndinafunsa mwana wanga. Akuti sanafunsepo.

"Iwe unakwatiwa ndi munthu osafunsa tanthauzo la mfunda wake?"

"Amayi, dzina ndi dzina, khalas, nkhani yatha. Ine ndili ndi tulo. Afunseni nokha, si awo ali apo?"

Kunena n'kosavuta. Ine ndi mpongozi. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi, ndipo dzina la mkamwini silituluka pakamwa pa mpongozi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Koma nyumba ya ku Al Nahda ilibe tchire. Kanjira kochokera kuchipinda kupita kukhitchini n'kamodzi, kopapatiza, koti anthu awiri sangapatukirane. Mkamwini wanga mwambowu ankaudziwa, koma iye ankayesa kuti ndinausiya pabwalo la ndege ku Lilongwe. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kapu ya tiyi m'manja, nkhope ili mwee, "Amayi, mwadzuka bwanji?" Ine n'kuthawira pakhonde, n'kutseka chitseko chagalasi. Pakhonde pamenepo, abale, mpweya wake umakhala ngati watsegula uvuni wa njerwa. Ndinkaima pamenepo thukuta lili kamukamu mpaka ndimve chikepe chamutsitsa. Mwana wanga anandiuza kuti mkamwini anafunsa ngati wandilakwira. Nanga munthu amene ukumuthawa chonchi ungamufunse za makolo ake?

Mchombo utagwa, Lamlungu lina kunabwera amayi a kutchalitchi kudzaona mwana. Ambiri ndi atsikana a kwathu konkuno ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ena olera ana ku Al Warqa, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe amapuma. Ndinati awa alowa m'makomo ambiri a azungu, mwina wina analimvapo. Ndinauza mwana wanga alitchule mokweza. Analitchula. Onse anayesa kulibwereza, n'kuyamba kutsokomola ndi kuseka.

Panali mayi wina wa ku Chipata, wamkulupo, amene wakhala ku Dubai nthawi yaitali. "Awe amai," anatero, "ine nasebenza manyumba yambili, ya Maholandi nayo nasebenzako, koma iyi zina sininaimvelepo. Mufunse chabe bene bake."

"Ndifunse mkamwini?"

"Nanga muzafunsa ndani, mlonda wa pageti?"

Mtsikana wina wa ku Ntcheu anati, "Agogo, kuno ndi ku Dubai, za upongozi zinatsala kumudzi. Yalla, fulumirani, afunseni!"

"Iwe ukadzakwatitsa mwana wako udzachite yalla yakoyo," ndinamuyankha, onse n'kufa nazo.

Atapita, ndinakumbukira malemu amayi anga. Iwo akafuna kuuza amuna anga kuti denga la nkhokwe likudontha, sankawauza iwo ayi. Ankaima pabwalo, amuna anga ali pomwepo akusema mpini, n'kumauza nkhuku. "Inu nkhuku inu, mwaona udzu wa pankhokwe wavunda? Chimanga chikawola mudzadya chiyani?" M'mawa mwake amuna anga ali padenga. Ku Al Nahda kunalibe nkhuku, koma kunali khanda.

Tsiku lotsatira mkamwini atabwera kuntchito anakhala patebulo kumamwa madzi. Ine sindinathawe. Ndinayala chitenje pansi, n'kukhala momufulatira, n'kuyamba kudzoza mwana mafuta. Mwana wanga anali pampando akupinda matewera, akundiyang'ana modabwa.

"Iwe mwana iwe," ndinayamba, "anthu akuti akupatse dzina la kwa bambo ako. Koma ine agogo ako sindikulidziwa kumene linachokera. Ukadzapita ku Dowa anzako akadzakufunsa tanthauzo lake, udzati chiyani?"

Ndinamva kapu ikuikidwa patebulo. Kenako mwana wanga ananong'ona mawu awiri atatu m'Chingerezi, ndipo mkamwini anakonza kukhosi.

"Mwana wanga," anatero, pang'onopang'ono, "uwauze agogo kuti dzina limeneli si la munthu. Ndi la munda."

"Munda uli ndi dzina, mwana iwe?"

"Uwauze kuti kwathu, kum'mawa kwa dziko lathu, munda uliwonse ndi nyumba yake unali ndi dzina. Wathu unali kuseri kwa dambo, malo a madzimadzi. Dzinalo likunena zomwezo basi, nyumba ya kuseri kwa dambo. Munthu aliyense wokhala pamenepo ankaitanidwa ndi dzina la mundawo."

Ndinapitiriza kudzoza timiyendo. Kuseri kwa dambo. Ine ndinkayembekezera mkango kapena mfumu, koma chabwino, dambo nalonso ndi chinthu, ndi kumene timadzala mpiru m'chilimwe.

"Tawafunsa bambo ako, mwana iwe. Pamundapo sipankabadwa ana? Anapita kuti onse, kuti lero atsale okwana basi imodzi? Kunagwa mliri?"

Anaseka pang'ono. "Ayi, uwauze kuti ana ankabadwa ambiri zedi. Koma munda unali waung'ono, ndiye mmodzi yekha ndi amene ankatsala. Enawo akapita kukakwatira kumunda wina, ankasiya dzina ili n'kutenga la kumene apitako."

"Ngakhale mwamuna?"

"Ngakhale mwamuna. Akakwatira mkazi amene ali ndi munda, n'kukakhala komweko, dzina la bambo ake ankalisiya. Iye ndi ana ake ankatchedwa dzina la munda wa mkaziyo. Agogo a agogo anga anabwera choncho. Munda unali wa akazi awo."

Abale, ndinatsala pang'ono kutembenuka n'kumuyang'ana m'maso. Ndinadzigwira pogwira phazi la mwana.

"Chikamwini!" ndinafuula. "Mwana iwe, wamva? Azungu a chikamwini! Ndiye kuti agogo akowo ankalimira apongozi awo?"

"Ankalima ndithu, ndi kukama ng'ombe zawo."

"Ankawathawa apongoziwo?"

Apa ndiye anaseka kwambiri, mwana wanga nayenso anagwetsa matewera. "Uwauze agogo kuti zimenezo sindikudziwa. Koma nyumba zake zinali za chipinda chimodzi chachikulu, anthu uku ng'ombe uko. Ndikuganiza kuti kothawira kunali kosowa, ngati kuno."

Ndinati ndisaseke pamaso pa mkamwini, koma mapewa anandiulula.

Anafotokozanso, Chichewa chikamuthera mwana wanga n'kumamuwonjezera, kuti patapita nthawi boma linalamula kuti mayina asiye kuyendayenda, aliyense akhale ndi limodzi mpaka imfa, ana ake n'kulitenga. Amene lamulolo linawapeza ali kuseri kwa dambo kuja ndi okhawo anatsala nalo, ndipo anali banja limodzi. Abale awo ena onse linawapeza ali kuminda ina, ndi mayina ena. Ndiye kuti magazi alipo ambirimbiri m'midzi yozungulira, kungoti avala mayina a eni. Sanathe anthu aja. Anangobalalika ngati mbewu ya maungu yopemphedwa ndi anansi.

Panatsala funso limodzi, lomwe linali la alongo anga komanso langa.

"Mwana iwe, nanga mundawo ulipo? Ukadzasowa kolowera, udzaupeza?"

Atayankha, mawu anali otsika. Anati munda unagulitsidwa bambo ake akadali mnyamata, pano pali anthu ena osakhala abale, akuweta ng'ombe zawo. Koma azakhali ake, alongo a bambo ake, akukhalabe m'mudzi womwewo, ndipo amadutsa pamenepo panjinga popita kumsika. Ndiye ananena chinthu chimene chinandidabwitsa kuposa zonse. Anati anthu ogulawo ali ndi dzina lawolawo pamapepala, koma m'mudzimo palibe amawaitana nalo. Aliyense amawaitana ndi dzina la munda, lomwe lija la kuseri kwa dambo.

"Uwauze agogo," anatero, "kuti ukadzafika m'mudzi umenewo n'kutchula dzina lako, ngakhale wogulitsa buledi adzakulozera njira."

Ndinamukulunga mwana m'chitenje, n'kunyamuka chafutambuyo mpaka kuchipinda, n'kuuza mwana wanga aimbe ku Dowa.

Alongo anga anamvetsera zonse osandidula, zomwe si khalidwe lawo. Nditafika pa za chikamwini anandibwerezetsa kawiri.

"Mukuti mwamuna ankasiya ndi dzina lomwe? Ha! Awo ndiye anatiposa. Ife mkamwini timangomulanda thukuta, mfunda timamusiyira." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Ndiye si dzina la anthu akutha ayi. Ndi dzina la malo, ndipo malowo alipo, azakhali aliponso. Mpatseni mwanayo. Koma muwauze akamwiniwo kuti tsiku limene adzatope ndi Dubai n'kubwera kudzakhala kuno, atsate mwambo wa makolo awo. Dzina adzalisiye pamsewu, adzatchedwa a Kuseri kwa Chulu, poti munda wathu uli pamenepo."

Ndinabwerera pabalaza, n'kukhalanso momufulatira, n'kuuza khanda zonse, ndi za chulu zomwe. Ndinkayembekezera kuti aseka. Sanaseke. Ndinamva mpando ukusuntha, kenako mawondo akugunda pansi, kenako kuwomba m'manja kwa phuphuphu, kwa manja ofumbata, monga anaonera ku Dowa. Mwana wanga anandiuza pambuyo pake kuti maso a amuna ake anali atafiira. Ine sindinaone, ndinali kuyang'ana khoma.

M'mawa mwake anapita kukalembetsa, ndipo mdzukulu wanga anakwera nawo basi ija.

Ndinakhalako mpaka mwana atayamba kuseka, ndipo tinkacheza choncho madzulo ambiri, ine ndi mkamwini, kudzera mwa khanda. Ndinafunsa za ng'ombe, za dambo, ngati limauma m'chilimwe. Chimodzi chokha sanathe kundiyankha. Agogo a agogo ake aja, amene anabwera chikamwini, asanalowe pamundapo ankatchedwa ndani? Anaimbira azakhali ake, azakhaliwo anafunsa nkhalamba zinzawo, palibe akudziwa. Munthuyo anachokera kwinakwake, anali ndi amayi ake ndi alongo ake, analowa pakhomo la apongozi n'kuvula dzina ngati nsapato zamatope. Mpaka lero ndikamapalira kuseri kwa chulu ndimamuganizira, kuti kaya kwawoko anamulira, kaya anangoti wapeza pabwino.