Mkango Woyang'ana Pansi

Ndikukumbukira chaka chimene tinafika ku Bradford, ku Mangalande, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anali namwino pachipatala, ndipo ankabwera kunyumba mapazi atatupa, yunifolomu ikununkha mankhwala. Kusukulu tinkakonzekera sewero lochokera m'buku lina la ana, momwe munali mkango wamantha, wonjenjemera ngakhale tsamba likagwa. Aphunzitsi athu, mayi wachizungu wokoma mtima ndithu, sanavutike n'kusankha. Analoza ine, nati mkangowo ndine ndendende, popeza sindiwayang'ana m'maso akamandilankhula. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Koma abale, ine mantha ndinalibe! Kwathu ku Dedza ndinkakwera mtengo wa mango mpaka kunsonga, anyamata akuonerera pansi. Kungoti ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumutuzulira maso. Umayang'ana pansi, mawu n'kutsitsa, ndiye ulemu umenewo.

Ndinabwerera kunyumba nditanyamula chovala cha ubweya woyabwa, mchira ukukwekwereza m'matope, mtima ukuwawa. Ndinawauza amayi kuti kuyambira mawa ndiziyang'ana aliyense m'maso, anthu aleke kunditcha wamantha. Ndinkalankhula nditawayang'anitsitsa, koyamba chibadwire, uku ndikudikira mbama.

Mbama sinabwere. Anangokhala pampando, nsapato imodzi ili m'manja, nausa moyo.

"Nanenso akuluakulu a kuntchito akuti ndimaoneka ngati ndikubisa kanthu," anatero. "Ukatuluka pakhomo apa uziwayang'ana m'maso, mwanangu, angakuponde. Koma ukalowa muno, ndine mayi ako."

Sewerolo ndinasewera, ndinanjenjemera mokwanira, anthu n'kuomba m'manja. Kuyambira pamenepo ndinakhala wa makhalidwe awiri, a kunja ndi a m'nyumba. Zinkatopetsa, ndisaname. Nthawi zina ndinkasokoneza, kunyumba n'kukhala wamwano, kusukulu wamantha.

Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno. Lamulo la pakhomo lija ndinalephera kumuphunzitsa, mphamvu zake ndinalibe. Posachedwapa tinapita kukaona amayi, omwe tsopano anapuma pantchito. Atamudzudzula pa kanthu kakang'ono, mwanayo anawayang'ana m'maso gaa, n'kuwayankha m'Chingerezi. Ndinadikira kuti amukalipire. Amayi ndiwo anayang'ana pansi.

Ndi pamene ndinamvetsa kuti tsiku lija sankangondilangiza. Ankapereka ulemu wawo womwe kuti mwana wawo asapondedwe kunja kuno, akudziwa bwino kuti sudzabwereranso.