Ming'oma ya Asikulu Tembo

Ndikakumbukira a Tembo, aneba athu ku Mburuma, ndimamva fungo la phula ndi utsi wa ndowe zouma zimene ankafukizira njuchi, ndipo ndimawaona akukwera mtengo luzi lili pakamwa, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Tonse tinkawatcha asikulu, kutanthauza agogo, ngakhale sanali abale athu. Anali munthu wovuta, wosaseka, tsiku lililonse kung'ung'udza kuti mvula ikutithawa chifukwa dziko talimeta mpala.

Kwathu kunali mwambo wakuti mtengo wopachikidwa mng'oma wa njuchi sugwetsedwa, ngakhale wowotcha malasha, amene ena amati makala, atakhala waliuma bwanji. Ndiye malole a ku Lusaka atayamba kubwera kudzanyamula malasha, asikulu anayamba kusema ming'oma pa zipika zouma n'kumaipachika pa mtengo wa mupani uliwonse waukulu m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi. Atate, amene ankatidyetsa ndi malasha omwewo, ankailambalala nkhalangoyo n'kukadula kutali, akudandaula njira yonse.

Chaka cha chilala njala itatikwana, ine ndi zaka khumi zanga ndinakwera kukaba uchi. Mng'oma woyamba munalibe kanthu, ukonde wa kangaude basi. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinatsegula isanu ndi umodzi, njuchi ngakhale imodzi osaiona. Ndinathamangira kunyumba nditakwiya, n'kuulula zonse kwa atate, ndikudziona ngati wochenjera.

Sabata isanathe nkhwangwa zinalowa m'nkhalango. Asikulu sanakalipire munthu. Anangokhala pachitsa kuyang'ana utsi, ndipo pamene ndinkadutsa ndi chigubu cha madzi a atate, asikuluwo anandiitana.

"Esnati, unkafuna uchi? Njuchi zikanabwera, mwana wanga. Ndinkangozisungira mitengo."

Malasha aja anatidyetsa miyezi iwiri yokha.

Lero ndine amene ndimayenda m'masukulu kulankhula za kusintha kwa nyengo ndi kugawa mbande zimene mbuzi zimadya mwezi usanathe. Kunena zoona ndatopa. Pamalo paja patsala zitsa, chigwembe, ndi mupani umodzi wokhota umene nkhwangwa zinaunyoza. Chaka chatha ndinaupachika mng'oma. Kamtsikana ka aneba katandifunsa ngati muli njuchi, ndinakayang'ana m'maso n'kunena kuti zadzaza, ndipo zimaluma koopsa.