Buleka Yosagwa ya ku Joni

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ukwati unandikokera ku Champhira, kumwera kwa Mzimba, kumene mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna. Bambo a ana anga ndinakhala nawo zaka zochepa chabe, kenako anakwera basi ya ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kumeneko. Pochoka anandilonjeza chinthu chimodzi: nyumba imene ankapita kukaifunira ndalama ikadzatha adzabwera, ndipo sadzapitanso. Kuyambira pamenepo njerwa iliyonse ikakwera, ine ndinkaona kuti kubwera kwawo kwayandikirako.

Nyumbayo inamangidwa mochedwa, mogwetsa ulesi. Chaka china maziko, chaka china zipupa, mvula n'kuzimenya zilibe denga. Kenako malata, mawindo, ndi siling'i ya matabwa a paini a ku Chikangawa, onunkhira utomoni. Woyang'anira zonse anali apongozi anga aamuna, amene kumeneko timati atatavyala. Anali munthu wabwino, sanandinyozepo. Koma mpongozi wamkazi, mkamwana, salankhula nawo ngati mnzawo. Umagwada chapatali, nkhope utaloza kumbali, ndipo nkhani ikakhala yolemera umaipereka kwa amamavyala, apongozi aakazi, kuti akaifikitse. Vuto lake, nkhani ikadutsa m'kamwa mwa amamavyala inkakafika itaonda.

Magetsi atafika pamsika pathu, nyumba yathu inali m'gulu la zoyamba kukokeredwa mawaya. Anaika mawayawo ndi alamu anga ena, mwana wa achimwene awo a atatavyala, amene anaphunzira ntchitoyi poonerera anzawo kumakina ocheka matabwa. M'khonde la m'kati anakhoma kabokosi, m'kati mwake muli timaswitchi takuda timene amati mabuleka. Imodzi mwa mabulekawo, ya masoketi, inali ndi khalidwe lotopetsa. Ukayatsa ayironi pamene hotipuleti ikuyaka, umangomva kuti tha! Zonse zii. Ndinkakwera pampando kukaidzutsa uku ndikung'ung'udza, chifukwa nanenso inkandikwana.

Tsiku lina inagwa kuli alendo, akuluakulu a mpingo, madzi a tiyi ali pafupi kuwira. Atatavyala anachita manyazi ngati kuti agwa ndi iwowo. Madzulo ake anaimbira mwana wawo, ine ndikumva ndili kukhitchini.

"Magetsi a m'nyumba mwako ngofooka chomene," anatero. "Anthu atiseka."

Sipanatenge nthawi, galimoto ya onyamula katundu wa ku Joni inaima pakhomo. Munali mabulangete, mafuta ophikira, nsapato za ana zazikulu kuposa mapazi awo, ndi kakatoni ka mabuleka atsopano. Bambo a ana anandiuza pa foni, mawu ali odzaza ndi chimwemwe, kuti anawagula kwa munthu wina pamsika, amene anawatsimikizira kuti amenewa sagwa. Alamu anabwera ndi sikuludiraiva, anachotsa akale, anaika atsopano, imodzi n'kutsala m'katoni. Ndipo zoonadi, kuyambira tsiku limenelo buleka ya masoketi sinagwenso. Mlendo akabwera, atatavyala ankalamula kuti tiyatse zonse nthawi imodzi, ayironi, ketulo, hotipuleti, wailesi, iwo ataima pansi pa kabokosi manja ali kumbuyo.

"Wonani, chakukhora ichi," ankatero, kutanthauza kuti n'cholimba. "Cha ku Joni."

Choyamba kundivuta linali fungo. Linkabwera ndikamasita, fungo lokhala ngati la nsomba yoyamba kuola, losakanikirana ndi la pulasitiki wopserera. Kenako soketi ya pabalaza inayamba kuda m'mbali. Tsiku lina ndikusesa ndinatsamira chipupa, n'kumva kuti n'chofunda, chikhalirecho kunali kozizira. Kuseri kwa chipupa chimenecho n'kumene kunali chipinda cha ana. Nditawauza amamavyala ananunkhiza m'mwamba, n'kunena kuti ndi khoswe wafera m'siling'i. Khoswe wake ameneyo ankangonunkha ndikayatsa ayironi basi.

Nditapeza ulendo wa ku boma, ku Mzimba, ndinamanga buleka yotsala ija pakona ya chitenje. Pafupi ndi msika panali sitolo ya zipangizo zomangira, mwini wake bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, amene ankalankhula Chichewa chonga cha kwathu. Ndinawaonetsa n'kuwafotokozera za fungo ndi za buleka yakale imene inkangogwa ija. Anaitembenuza, anapukuta zolemba zake ndi chala chachikulu, zolembazo n'kufufutika. Kenako anandiuza kuti nditambasule manja onse awiri. Dzanja lina anaikamo yangayo, lina anaikamo ya m'sitolo mwawo. Yangayo inali yopepuka ngati bokosi la machesi.

"Mayi, ntchito ya buleka ndi kugwa," anatero. "Mukayatsa zinthu zambiri mawaya amatentha, ndiye iyo imagwa kuti idule magetsi moto usanabuke. Imene inkakukwiyitsani ija inkakutetezani. Iyi ndi feki. Kunja ikuoneka bwino, koma m'kati mulibe chogwetsa."

"Koma yachokera ku Joni," ndinatero, ndipo ndinadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati atatavyala.

"Za feki zili paliponse, mayi, ku Joni ngakhale kuno. Inenso anandigwirapo m'maso. Kachotseni msanga, ndipo wodziwa ntchito akaonenso mawaya onse."

Ndinagula imodzi yeniyeni. M'galimoto yobwerera ndinkaona ngati nkhani yatha, poti ndani angakane chinthu chomveka chonchi? Ndinaiwala kuti ndine mkamwana.

Ndinayamba ndi bambo a ana. Poyamba anaseka, akuti wa sitolo aliyense amanyoza katundu wa mnzake kuti ugule wake. Nditalimbikira, mawu anasintha.

"Ine ndimagona m'kachisakasa ka malata kuno kuti inu muzigona pabwino," anatero. "Ndiye lero mukundiuza kuti ndine chitsiru, ndinagula zinyalala?"

Ndinamva kutopa m'mawu awo, ndipo ndinawamvera chisoni, koma mkwiyo unandigwiranso. Sindinanene kuti ndi chitsiru. Ndinanena kuti chipupa chikutentha.

Ndinapita kwa alamu a mawaya aja. Anakanda m'mutu, maso ali pansi.

"Mulamu, ndapota, musandiike m'mavuto. Ine ndichotse chinthu chimene watumiza mwini nyumba? Adada, atatavyala anuwo, akamva, mbwenu ndiyankha chiyani?"

Munthu wina wa magetsi wochokera kunja sakanalowa pakhomo paja ndi zida zake atatavyala osadziwa, popeza khomo lawo linayang'anana ndi lathu. Choncho ndinagwada kwa amamavyala, ndinawafotokozera zonse pang'onopang'ono, za kugwa, za kutentha, za kupepuka. Anapita nayo nkhani. Anabwerako ndi mawu awiri: akuti yewo, amva. Sabata isanathe, kumjigo azimayi ankanong'onezana kuti mkazi wachichewa uja wayamba kunyoza zimene mwamuna wake amatumiza. Buleka yanga yeniyeni ndinaiika pansi pa sutikesi.

Ntchito imene buleka ya ku Joni ija inakana kugwira ndinaitenga ine. Ayironi ikayaka, ndinkathamangira kukazimitsa hotipuleti. Wina akaika ketulo, ndinkazula fuliji. Podutsa pabalaza ndinkakhudza chipupa ndi kunja kwa dzanja, monga umachitira pamphumi pa mwana wodwala malungo. Ana ndinawasamutsira kuchipinda kwanga, ndikunamizira kuti kwawo kukuzizira. Kutchalitchi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe, kumaliro sindinkakhalitsa, ndipo anthu anawonjezera pa mbiri yanga kuti ndine wonyada. Tsiku limene magetsi azima dera lonse anzanga ankadandaula, koma ine ndi tsiku limene ndinkapuma. Ndinatopa, abale. Kutopa kwake kosati kwa khasu, kumene umagona n'kudzuka kutatha.

Chinkandilimbitsa mtima n'chakuti nyumba inali kutha. Penti inapakidwa, khonde lakunja linaikidwa simenti yofiira. Bambo a ana ananena kuti Disembala akubwera ndi katundu wawo yense. Ndinkadziuza kuti akafika ndidzawagwira dzanja n'kuliika pachipupa, adzamve okha.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho banja linakonza zomanga chiliza cha agogo awo a bambo a ana. Achibale anabwera kuchokera ku Euthini, ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, ndipo onse anafikira m'nyumba yathu poti ndiyo inali yaikulu. Pa zochitika zotere mkamwana malo ake ndi kuseri, pa nkhuni ndi pa madzi. Sungakhale m'nyumba n'kumalondera masoketi pakati pa alamu aakulu ndi azakhali a mwamuna wako. M'mawa wa tsikulo ndinakokera pambali mlamu wanga wamkazi, mlongo wawo wa bambo a ana.

"Chonde mulamu, asayatse zonse pamodzi. Wina akamasita, ketulo idikire."

"Kulije suzgo, palibe vuto," anayankha akuseka. "Zathuzi sizigwa."

Kunali chisanu choluma zala. Aliyense ankafuna madzi ofunda osamba, aliyense ankafuna kusita zovala za mwambo, ndipo wina anali atabwera ndi hita yake yotenthetsera m'chipinda. Ine ndinali kumjigo, ndowa ili pamutu, pamene ndinaona utsi wakuda ukutuluka pansi pa malata. Sindikumbuka kuti ndowa inagwera kuti. Ndikukumbuka kuti ndinkathamanga ndikuitana ana anga mmodzimmodzi, ndipo nditawaona ataima pansi pa mtengo wa mango, wamng'ono atanyamulidwa ndi azakhali ena, ndinakhala pansi pafumbi.

Matabwa a paini sachedwa kupsa. Amuna anaponya mchenga, ena madzi a m'migolo yophikira, koma moto unali utayenda kale m'siling'i yonse. Pofika masana malata anali atapindika n'kugwera m'kati. Palibe anafa, palibe anapsa. Zinatsala ndi zipupa zakuda, mawindo ali pululu.

Anthu a magetsi atabwera kudzadula waya wawo, mmodzi anatsegula kabokosi kaja, kamene moto unangokawaula. Buleka ya masoketi inali chiimire m'mwamba. Anaizula, anaiphwanya ndi pulayala pamaso pa onse. M'kati munali kachitsulo kamodzi kolumikiza uku ndi uku, basi. Atatavyala anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakakhala pa njerwa, chipewa chili m'manja. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndi nkhalamba. Palibe amene anatembenukira kwa ine kunena kuti unkanena zoona, ndipo sindinkazifunanso. Zikanandithandiza chiyani?

Chakumadzulo bambo a ana anaimba. Anali atamva kale kwa mlongo wawo. Anafunsa za ana, ndinati ali bwino. Anafunsa za makolo awo, ndinati ali bwino. Kenako anafunsa za nyumba, ine ndikumva magalimoto a ku Joni akudutsa kumbuyo kwawo.

"Zipupa zatsala?"

"Zatsala."

"Ndiye Disembala uno musandidikire. Ndiyambirenso denga."

"Bwerani basi," ndinatero, ndipo sindinasamale kuti azakhali akumva. "Tizigona m'khitchini. Ine ndatopa kukhala ndekha."

Anayankha mofatsa kuti mwamuna sachoka ku Joni kudzagona m'khitchini mwa bambo ake anthu akuona. Anati chaka chimodzi chokha, mwina ziwiri.

Mwana wathu wotsiriza anayamba sukulu chaka chimenecho. Pamene ndikulemba izi ali ku sekondale, ndipo ndikamupatsa foni kuti alankhule ndi bambo ake, amawapatsa moni waulemu ngati wa mlendo, n'kundibwezera foniyo.