Chimbalangondo cha ku Shenandoah ndi Liwiro la Mkamwini

Tinanyamuka ku Greenbelt Loweruka 6 koloko m'mawa, anthu atatu: ine pachiwongolero, mkazi wanga Esinati pambali panga, ndi bambo ake, a Nkhoma, kumbuyo atatchena jekete ndi tayi ngati akupita kuukwati. Anali atakhala nafe mwezi umodzi chibwerereni kuchokera ku Kasungu, ndipo dziko la azunguli linali litawakwana. "Dziko lanji lopanda tchire?" ankatero, n'kumafunsa za kusintha tikiti kuti abwerere msanga. Esinati zinkamuwawa kwambiri. Ndiye ine, pofuna kutchuka kuchipongozi, ndinalonjeza kukawaonetsa chimbalangondo kumapiri a Shenandoah, ngakhale ndinali ndisanachionepo ndi maso angawa.

Msewu wa 66 unali wopanda chipwirikiti. Tinaima pa Marshall kuthira mafuta, n'kudya mandasi ndi mazira owiritsa omwe Esinati anakonza. Apongozi analawa khofi wa pamenepo n'kufunsa ngati wogulitsayo tinayambana naye.

Cha m'ma 8 tinafika pachipata cha Front Royal, n'kulipira madola 30. Mayi woyang'anira nkhalango, wa chipewa chachikulu, anatilangiza kuti tikakumana ndi chimbalangondo tisathawe, koma tikweze manja, tichite phokoso, tizibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ndinamasulira zonse m'Chichewa, n'kuwonjezera zanga. "Mwamva bambo? Osathawa. Munthu amafunika kulimba mtima."

"Afunseni za mimbulu," anatero apongozi.

Mayiyo anaseka, nati mimbulu inatha kalekale m'mapiri amenewa.

"Ndiye achotseko pamtengo wolowerawo," anadandaula apongozi.

Msewu wa pamwamba pa phiri ndi wokhotakhota, ndipo salola kuthamanga. Agwape onenepa ankangodya udzu m'mphepete, osatiopa n'komwe. Apongozi anatsitsa galasi, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Esinati, ndiwo zonsezi zilibe mwini?"

"Mukangokhudza mmodzi mukagona kupolisi, bambo."

"Koma azungu amadziwa kuzunza munthu."

Pofika masana tinali titaona agwape osawerengeka, agologolo, nkhukutembo zam'tchire ndi nkhungu yambiri. Chimbalangondo ayi. Tinaimika galimoto pamalo odyera, n'kuyala nkhuku yokazinga ndi mpunga patebulo lamatabwa pafupi ndi mitengo. Ndinali nditangoluma ntchafu pomwe masamba anachita tswatswa kumbuyo kwa apongozi.

Chimbalangondo chinatuluka mosapupuluma, chakuda bii, chachikulu ngati thole, mphuno ikununkhiza m'mwamba.

Zomwe zinachitika kenako ndimazimva kwa ena. Ine ndinangozindikira ndili pagalimoto, ndikukoka chitseko chomwe sichinkatseguka chifukwa makiyi anali m'chikwama cha Esinati. Ndinanjuta kuseri kwa tayala, ntchafu ya nkhuku ikadali m'manja.

Nditasuzumira, ndinaona apongozi ataimirira kutsogolo kwa mwana wawo. Anali atavula jekete n'kulitambasula m'mwamba ndi manja awiri, akukalipa ngati akupirikitsa anyani m'munda wa chimanga.

"Choka! Tiye uko! Wopanda ulemu iwe, suona anthu akudya?"

Esinati ankamenya chivundikiro cha poto ndi supuni. Chilombo chija chinawayang'ana, chinayang'ananso mpunga, kenako chinatembenuka n'kulowa m'tchire chikugwedeza matako ngati munthu amene wakanizidwa mowa.

Mzungu wina wachikulire yemwe anali patebulo lina anabwera kudzawagwira chanza apongozi, n'kufunsa kuti mawu aja amatanthauza chiyani.

"Muwuzeni kuti nyama zonse zimamva Chichewa," anatero apongozi akuvala jekete.

Pobwerera tinayenda mpaka pa Manassas. Esinati sankandiyang'ana. Ndinkangowerenga zikwangwani, ndikuganiza kuti pofika mawa Kasungu yense akhala atamva za mkamwini wa liwiro. Kenako foni ya apongozi inalira. Anali apongozi aakazi, kumudzi.

"Mayi, ndachiona ndi maso anga! Ayi, tikiti isiyeni kaye, akuti kulinso mapiri ena," anafuula a Nkhoma. Anafotokoza zonse, chilombo chikukulirakulira mpaka kufanana ndi njati. Ndiye ndinamva funso lomwe ndinkaliopa likutuluka m'foni: nanga akamwini anali kuti?

A Nkhoma anakhosomola. Maso athu anakumana pagalasi loonera kumbuyo.

"Amenewa ndi anzeru. Anathamangira kukaliza galimoto kuti atipulumutse."

Esinati anaseka mpaka misozi, ndipo ndinadziwa kuti ndakhululukidwa, ngakhale kuti nkhaniyi sidzatha m'banja mwathu.

Tinafika ku Greenbelt dzuwa likulowa. Ndinapita kumapiri kuja kukaonetsa munthu wamkulu chilombo, koma chomwe ndinaona ine ndi china: kulimba mtima poimitsa chimbalangondo n'kwakukulu ndithu, koma kumuveka ulemu mkamwini wamantha pamaso pa mudzi wonse n'kwakukulu koposa. Potsika, apongozi anandigwira paphewa.

"Ntchafu ija munaipulumutsa bwino. Mundigawireko."