Dzina la Malume Pansi pa Tsamba

Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga ku yunivesite anali ndi funso limodzi, ndipo ankalilemba ndi bolopeni yofiira m'mbali mwa pepala: "Wanena ndani?" Chilichonse chimene ndamva kwa munthu chinkayenera kukhala ndi kanambala. Pansi pa tsamba, m'timalemba tating'ono timene timati futinoti, ndinkalemba dzina la wondiuzayo, mudzi wake ndi tsiku limene tinacheza, motsatana choncho. Kunena zoona, ntchitoyi ndinkaikonda. Ndinkatha masana onse ndikusuntha kadontho kamodzi, kenako n'kumayenda mapewa ali m'mwamba ngati ndamanga nyumba yamalata.

Kafukufukuyo anali wa amuna a kwathu, kufupi ndi Nzama, amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Mmodzi wa iwo anali malume anga. Ndinawapeza akutonola chimanga pakhonde, ndinayatsa foni kuti ijambule mawu, iwo n'kuyamba kufotokoza za fumbi ndi kutentha kwa pansi. Ali mkati molankhula anasiya chitsononkho.

"Zolemba zakozi amawerenga ndani?" anandifunsa.

"Maprofesa okhaokha, Malume."

Anayang'ana kutsidya kwa dambo, n'kutsitsa mawu. "Mnzanga uja ndinabweretsa zovala zake kuno sanafe ayi. Anapeza mkazi wina komweko. Anandigwira mwendo kuti ndidzanene kuti mwala unamugwera. Ndinabwera ndi jekete ndi bulangete lake, anthu anakulunga thunthu la nthochi, tinakaika kumanda. Ine ndinalira nawo."

Mkazi wa munthuyo ndinkawadziwa. Sanakwatiwenso, analera okha mwana wawo, ndipo m'mawa uliwonse ankapatsana moni ndi malume panjira ya kumunda. Koma, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa, chifukwa mnzanga aliyense wa m'kalasi analibe nkhani ngati imeneyi.

M'nkhani mwenimwenimo ndinabisa dzina, ndinangoti "bambo wina". Pansi pa tsamba ndinalemba kuti ndinamva kwa mkulu wina wa ku Ntcheu. Pepala linabwerera ndi funso lofiira lija. Njira yobisira dzina la wondiuza inalipo, anatiphunzitsa, kunali kungopita kukafotokoza. Sindinapite. Futinoti imodzi yopanda dzina pakati pa zinzake zokwanira inkandinyansa ngati dzino loguluka. Ndinalemba dzina lonse la malume, mudzi ndi tsiku, pa nambala 41, ndipo ndinakhoza bwino.

Nditamaliza maphunziro ndinabweretsa bukulo kumudzi, lachikuto cholimba. Amayi analiyendetsa khomo ndi khomo. Apa ndi pamene ndinaona chimene sindinachiganizirepo: Chingerezi cha pamwamba anthu analibe nacho ntchito. Aliyense ankathamangira pansi pa tsamba, chala chikuyenda, kufuna dzina la munthu womudziwa. Akalipeza kunali nthungululu. Dzina la malume analipezanso, anthu n'kumawaseka kuti alowa yunivesite ndi ukalamba. Ine ndinkaseka nawo monamizira. Mudzi wonse unkadziwa kuti malume anabweretsa zovala za munthu mmodzi yekha.

Mwana wa mayi osiyidwa aja ndi mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa amene amawerenga ngakhale pepala lokulungira mandazi. Anabwereka bukulo. Ndikanakana bwanji? Linakhala kwawo sabata ziwiri. Lamulungu loyamba kutchalitchi anandipatsa moni bwinobwino. Lachiwiri anayang'ana kumbali. Amayi ake sanabwere n'komwe, ndipo panjira ya kumunda sanaonekenso. Ndinkafuna kuchenjeza malume, koma ndikafika pakhomo pawo ndinkangofunsa za chifuwa chawo n'kubwerera. Ndinali wamantha, palibe dzina lina.

Mphunzitsiyo anabwera Lachinayi masana, ine ndili kwa malume komweko. Anakana mpando. Anatsegula bukulo pamene anaika kaudzu, n'kuloza pansi.

"Madala, dzina ili ndi lanu?"

Malume anayandikitsa nkhope, anawerenga pang'onopang'ono dzina lawo ndi mudzi wawo. "Ndi langa."

"Amayi ndawawerengera zimene zili pamwambapa. Sakudya. Akuti sakhulupirira pepala, akufuna amve pakamwa panu. Abale a bambo afikanso kuchokera ku Champiti, akudikira kunyumba."

Ndinayamba kubwebweta kuti ndine ndinalakwitsa, mwina sindinamve bwino. Palibe anandiyang'ana. Malume analowa m'nyumba, anatuluka atavala nsapato za kutchalitchi, akumanga mabatani a malaya. Mphunzitsi uja anatsogola, iwo pambuyo. Ndinawathamangira.

"Malume, ndikuperekezeni."

Anaima osatembenuka. "Bwerera, mwana wa mlongo wanga. Mbali yako unamaliza kale, ndipo unalemba bwino. Sunaphonye ndi chilembo chimodzi chomwe."

Ndinatsala pamphambano, ndikuwaona akutsikira kudambo.