Dzanja la Chigayo

Ankamutcha Chigayo chifukwa pakamwa pake sipankapuma. Anali dalaivala wa mathiraki pakampani yonyamula katundu, chimunthu cha zibakera zikuluzikulu chimene chinamerera imvi pachiwongolero. Analimbanapo ndi mbava zokwera thiraki pachitunda, ina anaithyola nthiti ndi chitsulo cha jeke, ndipo nkhaniyo ankaisimba akuseka mpaka misozi mbwembwembwe.

Amene ankaona zakuda naye anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, yemwe ankakhala mu ofesi kulondola mathiraki pakompyuta. Thiraki iliyonse inali ndi kachipangizo koonetsa pamene yafika, ndipo ikabedwa, a mu ofesi ankatha kuizimitsa injini ili kutali. Chigayo ankakonda kumuimbira mlamuyo n'kukuwa kuti akuba amugwira, kenako n'kufa nako kuseka pomva mnzake akugwetsa mpando ndi mantha. Nthabwala za pachilamu, ungakwiyenso bwanji?

Tsiku lina mlamu uja analandira uthenga wooneka ngati wochokera kwa amene anaika zipangizozo, womuuza kuti alembenso mawu ake achinsinsi olowera pakompyuta. Analemba, n'kupitiriza kumwa tiyi wake. Kalanga ine, sanadziwe kuti wapereka mathiraki onse m'manja mwa anthu amene sanawaonepo.

Patapita masiku ochepa Chigayo ananyamula mafuta ophikira. Dzuwa lili paliwombo, pachitunda chopanda nyumba ngakhale imodzi, injini inangoti zii. Anapotokola kiyi, osalira. Pagalasi la m'mbali anaona galimoto ikuima kumbuyo, ndipo munatuluka amuna a zikwanje ndi zitsulo. Anakhoma zitseko n'kuimba ku ofesi.

"Alamu, yatsani injini, andizinga!"

Koma akuba aja anali atalanda kompyuta yonse, moti inkaonetsa thirakiyo ikuyenda bwinobwino. Chigayo anamva mlamu wake akuseka.

"Lero simundipusitsa, alamu. Ndikukuonani pano, mukuthamanga."

Mlamuyo anadula foni. Nthawi yomweyo galasi linati phwaa, zidutswa n'kumulowa kumaso. Woyamba kulowetsa mutu anakumana ndi sipanala pamphumi, anagwa chagada magazi ali chuu. Enawo anakalipa. Anathyola chitseko n'kumugwira miyendo, koma Chigayo anakakamira chiwongolero ndi dzanja lamanja, osasiya. Liuma lake lija! Chikwanje chinagwa padzanjapo kawiri, ndipo anamva fupa likulira. Anamukokera pamsewu, kumuponda m'nthiti, kumumenya ndi chitsulo pakamwa mpaka mano anawalavula ndi mchenga womwe, kenako anamukankhira m'ngalande.

Ali chigonere m'menemo anaona mmodzi wa iwo akuimba foni, n'kungonena kuti tathana naye. Injini ija, imene inamukanira iye mwini wake, inalira nthawi yomweyo. Zimenezo zinamuwawa mumtima kwambiri, ndipo analira ngati mwana.

Anamutola ndi bambo wina wa panjinga. Kuchipatala madokotala anayesetsa, koma dzanjalo analidula. Mkazi wa Chigayo atamva mmene foni ija inathera, ananyamuka nthawi yomweyo. Analunjika ku ofesi, anamupeza mlongo wake pampando, n'kumuphwanyira kapu ya tiyi kumaso. Anamung'ambira malaya, kumumenya mbama ndi zibakera pamaso pa abwana, akumufunsa kuti ana adya kompyutayo kodi. Mlongo wakeyo sanatchinge n'komwe, ankangoti ndimayesa akuseka, ndimayesa akuseka, magazi akuyenderera m'khosi.

Kampani inaitana akatswiri, anasintha mawu achinsinsi onse, anaphunzitsa aliyense kukayikira mauthenga. Ya ya, nzeru zinachuluka ofesi yonse munthu atapunduka kale. Thiraki inapezeka yopanda kanthu, akubawo sanagwidwe.

Kampani inamupatsa Chigayo ntchito ya pageti. Masiku ano amakhala pakabenchi, thiraki ikafika amadzuka n'kutukula chitsulo chotsekera ndi dzanja lamanzere. Madalaivala anzake amamuimbira hutala, iye amangogwedeza mutu. Mlamu wake akadali mu ofesi yomweyo, koma m'mawa uliwonse amatsika basi patali, n'kuzungulira mpanda wonse kukalowera kukhomo la kumbuyo, kumene amatulutsira zinyalala.