Msomali wa Pabalaza

Loweruka, sabata yoyamba ya tchuthi.

Lero ndadzuka ndi kanthu kolemera pachifuwa. Sindikudwala ayi. Ndi nsanje, ndipo ndikuidziwa bwino chifukwa si koyamba kundiyendera. Dzulo ndinafika kuno ku Benga kuchokera kusukulu yogonera komweko nditanyamula lipoti la Fomu 3, ndili pa nambala 2. Amayi analiyang'ana pang'ono, nati, "Wachita bwino, mwanawe," kenako anabwerera pakhonde kukadula mabotolo a pulasitiki. Akuthandiza msuweni wanga Tiwonge, amene wapemphedwa kukakongoletsa holo ya ukwati wa sabata yamawa. Nyumba yonse yadzaza maluwa opangidwa ndi majumbo ndi nsalu zakale, moti ndasowa poika chikwama changa. Ndiye ndati ndilembe zimene zinachitika ndili ndi zaka khumi, mwina mtima ungachite manyazi n'kukhala pansi.

Tiwonge anabwera kwathu chaka chimene amalume, bambo ake, anamwalira. Iwo anali asodzi ku Dwambazi, ndipo mayi ake anali atatsogola kale. Tiwonge anatsika minibasi atanyamula kachikwama ka zovala ndi mtolo wa ukonde wong'ambika umene anakanitsitsa kuusiya. Tinali a msinkhu umodzi, koma iye anali m'Sitandade 3, ine m'Sitandade 5. Chichewa chake chinkasakanikira ndi Chitonga, ndipo anzathu akamamuseka ine ndinkaseka nawo pang'ono, kuti asamatiike pamodzi.

Khalidwe lake linali lotolatola. Poweruka kusukulu ankadzera pakhonde la a Saidi, atelala a pamsika, kukatola tizidutswa ta nsalu togwa pansi pa mashini. A Saidi anafika pomusungira m'jumbo. "Bwera utenge katundu wako, mama, wandipulumutsa kusesa," ankatero. Ankatolanso zitsekerero za mabotolo ndi mapatapata oduka. Ine ndinamupatsa dzina loti Dzala Loyenda, ndipo silinachedwe kufala pasukulu yonse.

Pabalaza pathu panali msomali umodzi wokha, pakhoma loyang'anizana ndi chitseko. Pamenepo ndi pomwe pankalendewera lipoti langa la Sitandade 4, lija ndinakhala nambala wani. Mlendo aliyense akalowa ankayamba kuona limenelo. Ine ndinkachedwetsa dala beseni la madzi osamba m'manja kuti ndimve akufunsa, "Kodi Tadala wake ndi ameneyu?"

Tsiku lina nditaweruka ndinapeza lipoti palibe. Pamsomali panali chinthu cha Tiwonge. Anali atadula chigawo cha ukonde uja n'kuchitambasula pandodo yansungwi, ndipo pa diso lililonse la ukondewo anamangapo kachidutswa ka nsalu. Ukaima pafupi unkangoona zigamba. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono unkaona bwato lofiirira pamadzi obiriwira, ndi kamunthu ka malaya abuluu kataimirira kumbuyo kwake. M'munsi munali mzere wa zitsekerero zimene zinkalira mwera ukalowa pakhomo. Chinali chokongola. Mawu amenewa ndikulemba lero, koma tsikulo sakanatuluka pakamwa panga ngakhale mukanandikwapula.

"Amayi, lipoti langa lili kuti?"

"Ndasunga," anayankha osatembenuka, akupeta mpunga.

Lachinayi kunabwera amayi a kutchalitchi kudzachita mapemphero kwathu. Palibe amene anafunsa za Tadala. Mayi wina anachita kuimirira, kukhudza mfundo imodzi ndi chala, nati, "Zinyalala zenizeni izi? Mwanayu manja anachita kupatsidwa." Tiwonge anangozolika, akukanda pansi ndi chala chakuphazi. Ine ndinali pakhomo ndi beseni langa, madzi akuzizira.

Ndinaganiza motere, ndipo panthawiyo ndinkaona ngati ndi nzeru za munthu wa nambala wani: ngati zinyalala zatamandidwa chonchi, nanga nsalu yatsopano? Amayi anali ndi bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Loweruka atapita kumunda wa mpunga ndinalikoka n'kulitsegula. Pamwamba penipeni panali lipoti langa. Ndinalikankhira pambali mwaukali, poganiza kuti alikwirira kuti liiwalike. Pansi pake panali chitenje chachikasu cha maluwa ofiira, chikadali ndi fungo la m'sitolo. Chinali yunifolomu ya chinkhoswe cha mwana wa mnzawo, imene amayi onse a m'dera lathu anagwirizana kudzavala Loweruka lotsatira. Ndinkadziwa zimenezi. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Ndinatenga sizasi, ndinadulako ukonde wa Tiwonge umene unatsala, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Kudula chitenje sikunavute. Kumanga ndiye kunandikanika. Ndikamanga apa, apo pamasuka. Ndikanyamula ukonde kuti ndione, tizidutswa tambiri tinkayoyokera pansi. Pamene dzuwa linkafika pamutu ndinali ndi chinthu chooneka ngati nkhuku yososoledwa theka. Ndinachikulunga pamodzi ndi nsalu yotsala, n'kuchilowetsa pansi pa nkhokwe.

Amayi anazindikira Lachitatu, pofuna kusita chitenjecho. Atatola kachidutswa kachikasu pabwalo, ine sanandiyang'ane n'komwe. Analunjika kwa amene aliyense ankamudziwa kuti amadula nsalu.

"Tiwonge, ndakutenga ngati mwana wa m'mimba mwanga. Nsalu za a Saidi zakuchepera?"

"Si ine, azakhali."

"Ndi mbuzi ndiye? Mbuzi za masiku ano zikudziwa sizasi?"

Amayi anatsitsa bwato lija pakhoma n'kukaliponya kudzala, ndipo anati chinkhoswe chikangotha amuperekeza ku Dwambazi kwa abale a mayi ake. Tonse tinkadziwa kuti kumeneko sukulu yake ikathera pompo, chifukwa ana a pakhomopo ankakhalira kuyanika usipa. Msomali unatsala wopanda kanthu. Ine ndinakondwa. Ichi ndiye chimandipweteka kwambiri ndikamakumbukira: tsiku limenelo ndinadya bwino, ndinakhuta.

M'mawa mwake ndinazembera kunkhokwe kuti ndikatenge chinthu changa ndikachiponye m'chimbudzi. Ndinapeza Tiwonge atakhala pansi, chinthucho chili pamiyendo pake, akumasula mfundo zanga imodziimodzi n'kumamanganso. Pambali pake panali bwato lake, atalitola kudzala, lili phulusa lokhalokha. Iye sanadzutse mutu.

"Umamanga ngati ukumanga nkhuni," anatero. "Mfundo ya ukonde umazunguliza kawiri, kenako n'kulowetsa pansi. Adada ankatero."

"Unadziwa liti?"

"Loweruka lomwelo. Ukonde wanga unaudula mokhota."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Akanakhulupirira ndani? Wa nambala wani kapena Dzala Loyenda?"

Anaika changa pansi, n'kuyamba kupukuta phulusa pa kamunthu ka m'bwato kaja, pang'onopang'ono, ndi chala chonyowetsa malovu. Apo ndi pamene ndinaiyang'anitsitsa nsalu yabuluuyo. Sinali ya kwa a Saidi. Anali malaya amene amalume anavala ulendo wawo womaliza kudzationa, tsiku limene anandibweretsera chambo chowamba chifukwa cha nambala wani yomweyo.

Ndinanyamula chinthu changa n'kupita nacho kwa amayi kukhitchini. Mawu amene ndinanena sindikuwakumbukira. Ndikukumbukira kuti anatenga tizidutswa tachikasu tija n'kutitembenuzatembenuza m'manja. Sanandimenye. Anapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinawamva akupepesa mwana wa zaka khumi, chinthu chimene ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akuchita. Atabwerako anandifunsa funso limodzi.

"Pamene unkatsegula bokosi lija, unapeza chiyani pamwamba?"

"Lipoti langa."

"Chinyezi chinayamba kulidya pakhoma paja. M'bokosimo muli kalata ya ukwati wanga, muli chithunzi cha agogo ako. Iwe unaona ngati ndi dzala?"

Chilango chinabwera tsiku la chinkhoswe. Amayi anavala chitenje chawo chakale chofwifwa, ndipo anandiuza kuti ndiyende pambali pawo tsiku lonse osasuntha. Anzawo onse anali achikasu ngati munda wa mpendadzuwa, iwo okha ayi. Aliyense wofunsa kuti, "Nanga yunifolomu, a Nabanda?" ankamuyankha mofatsa, "Funsani wa nambala wani uyu, ndiye telala wathu." Ndinayankha anthu ambiri tsiku limenelo, ndipo mpunga wa pachinkhoswe sindinaukhudze n'komwe.

Tiwonge sanapite ku Dwambazi. Tizidutswa tachikasu tija anatimaliza yekha, n'kupanga chovundikira tebulo chimene tikugwiritsabe ntchito alendo akabwera. Bwato linabwerera pamsomali ndipo lilipobe, ngakhale lafwifwa. Dzina la Dzala Loyenda linatenga nthawi kuti life, chifukwa kupereka dzina n'kosavuta koma kulilanda ayi. Mfundo ija sindinaiphunzire. Tiwonge anandiitana kangapo kuti andionetse, ine ndinkati ndili ndi homuweki. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuphunzitsidwa ndi munthu wa Sitandade 3.

Ndinalekeza kulemba pamenepa chifukwa amayi anandituma kukatenga sizasi yaikulu m'bokosi lija. Nditatsegula ndapeza lipoti langa la dzulo lili pamwamba, ataliwongola bwinobwino makona amene anapindika m'chikwama, pansi pake pali la Sitandade 4. Sindikudziwa kuti analiika nthawi yanji. Ndakhala pansi kwa kanthawi, sizasi ili m'manja, mpaka amayi anakuwa pakhonde kufunsa ngati ndikuchita kuisula.

Tsopano ndikumvetsa kuti nsanje yanga imangoyang'ana pakhoma, pamene alendo amaona, ndipo ndi chifukwa chake kawiri konse yalephera kuona zimene zili m'bokosi. Sindinena kuti yatheratu. Ndikamva maluwa a majumbo aja akuphwaphwatika pakhonde ndi amayi akuseka ndi Tiwonge, kanthu kaja kakusunthabe pachifuwa. Koma mawa tikachokera kutchalitchi ndikakhala nawo pamphasa, ndipo ndimupempha Tiwonge andionetse mfundo ya amalume, yozunguliza kawiri n'kulowetsa pansi. Holo ndi yaikulu, anthu awiri sangakwanitse. Akanena kuti ndikumangabe ngati nkhuni, ndimasula n'kuyambiranso.